Lamulo Lachitatu la Ababa

Loweruka m'mawa ndinali pakhonde lakuseri, lichero lili pamiyendo, ndikusankha mpunga. Ndinkakankha njere ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kamwala uko, mankhusu uko. Ntchito ya mphindi khumi inali itadya theka la ola, chifukwa foni ndinali nditaitsamira ndi ntchafu, ndipo mtima wanga wonse unali pamenepo.

Inanjenjemera. Inali meseji ya Faraji.

"Shufaa! Mlonda wadzuka! Malamulo onse 64 wawerenga osatsamwa. Lolemba ndikukawaonetsa bambo ako. Lachisanu amalume akubweretsa kalata yokufunsira. Ndigwire, ndigwa!"

Ndinawerenga katatu. Kachitatuko lichero linapendekeka, timiyala tonse n'kubwereranso mumpunga.

"Mpunga umenewo tidya chaka chino?"

Anali azakhali anga a Mwantumu, mlongo wawo wa ababa, amene anandilera chimwalirireni amayi. Anaima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno.

"Ndatsala pang'ono, azakhali."

"Watsala pang'ono kupenga. Munthu wanzeru amasekerera timiyala? Ndi wa kompyuta uja eti? Wa malaya omanga mabatani mokhota uja?"

Ndinazolika. Iwo anabwera kudzakhala pambali panga, n'kundilanda lichero.

"Ine mnyamatayo sindikumuda ayi," anatero. "Koma bambo ako umawadziwa. Akamva fungo lakuti wina akulowa m'zinthu zawo kudzera pawindo, amatseka ndi chitseko chomwe."

Ababa, a Kibwana, ali ndi malole anayi onyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku msika wa Kariakoo kupita kwawo ku Tabora. Ine chimalizireni Fomu 4 ndimakhala pawindo la ofesi yawo, kulemba mayina pamakatoni. Malamulo a ntchito ababa salemba, amangowakuwa. "Palafini sakwera ndi ufa!" "Sopo asagone pafupi ndi masamba a tiyi!" Ine pakamwa panga m'polemera, ndiye akakuwa ndinkangolemba m'kope langa lakale la kusukulu, lamulo lililonse mzere wake: chinthu, chimene chimadana nacho, ndi pamene lamulolo silikhudza.

Faraji anabwera tsiku lina kudzatumiza makina osokera kwa amayi ake. Mvula inamutsekera pawindo langa, maso ake n'kugwera pakope lija. Anawerenga tsamba limodzi, n'kundiyang'ana ngati waona ndalama pamsewu.

"Iwe, ukudziwa kuti wapanga chiyankhulo?"

Sindinamuyankhe. Anabweranso mawa lake opanda katundu wotumiza. Anabweranso mkuja wake. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, kope lija linali litasanduka kachiyankhulo ka mawu makumi awiri okha, koti ngakhale munthu wosaphunzira kompyuta n'kulembamo lamulo la ntchito yake. Kompyuta ikawerenga mndandanda wa katundu, imakuwa pamene lamulo laswedwa. Tinaitcha Mlonda. Ndipo ine ndinali nditaphunzira kuyankha Faraji, ngakhale kuti kawirikawiri ndinkayankhira pafoni.

Ababa sankadziwa za kope. Ankangodziwa kuti pali kamnyamata kofuna kuwaonetsa makina.

* * *

Masana a Loweruka lomwelo ine ndi Faraji tinakumana pogulitsira madzi a nzimbe ku Mnazi Mmoja. Faraji anali atafika kale, kompyuta ili pamaondo, mwendo ukugwedezeka wokha. Atandiona anadzuka mothamanga, n'kugunda tambula ya munthu wina.

"Pepani akulu, ndikugulirani ina! Shufaa, khala apa. Lemba chilichonse. Yesa kumunamiza."

Ndinalemba ndi chala chimodzi: matumba khumi a ufa, zigubu ziwiri za palafini, lole imodzi. Pagalasi panatuluka mawu ofiira: Palafini sakwera ndi ufa.

Mawu a ababa enieni! Ndinagwira pakamwa, kuseka kukundithawa m'mphuno.

"Waona?" anatero Faraji. "Ndi iweyo ameneyo. Ine ndangomuveka nsapato."

"Usatero."

"Nditero. Lachisanu amalume akakawerenga kalata ija, ndawauza anene kuti tikufuna mtsikana amene amalemba mizere yowongoka."

"Ababa akakuthamangitsa."

"Akandithamangitse ndili mkamwini wawo."

Tili mkati moseka, kafungo ka mafuta onunkhira kanatifika kumbuyo. Anali Salome, amene anaphunzira naye Faraji ku yunivesite. Ndiye ankayendetsa mapepala okalembetsa ku boma kuti luso la Mlonda lili ndi eni ake. Ndinali nditangomumva dzina. Anali wamtali, makiyi a galimoto akulira kuchala, ndipo anakhala pakati pathu ngati mpandowo unalembedwa dzina lake.

"Ndiye awa ndi a kope aja?" anatero, akundiyeza kuyambira kumpango mpaka kumapazi. "Achemwali, mumayankhula, kapena mumangolemba?"

"Salome, usayambe," anatero Faraji.

"Ndikungofunsa. Zaka zinayi ndinkakudzutsa m'kalasi, lero sindingafunse?" Anamukonza kolala ya malaya ndi zala ziwiri. Faraji sanaone n'komwe. Ine ndinaona.

"Koma tamverani chachikulu," anatero Faraji, maso akuwala. "Mlonda sakungoyang'ana katundu ayi. Dzulo wayang'ana malamulo enieniwo, n'kupeza awiri amene akumenyana. Lamulo la nambala 9 likuti lole sinyamuka isanadzaze. La nambala 41 likuti katundu wa pamaliro sagona m'bwalo. Nanga katundu wa pamaliro akabwera lole ili theka? Onse awiri sangatheke! Zaka makumi atatu bambo ako akugwira ntchito, palibe anaziona. Lolemba ndikawaonetsa, akadabwa!"

Madzi a nzimbe anandiwawa m'kamwa.

Ine ndinkadziwa chifukwa chake malamulowo amaoneka omenyana. Azakhali anandiuza kamodzi kokha, n'kundilumbiritsa. Ababa ali mnyamata, akusenza matumba a eni ake mumzinda muno, amayi awo anamwalira ku Tabora. Analibe yokwerera. Anagula thumba la mpunga loti anthu akadye pamaliro, n'kulipereka kwa mwini lole wina. Loleyo inakhala masiku anayi kudikira kudzaza. Mpunga unafika anthu atabalalika, ndipo kwawo ankawaloza zala kuti mwana wa ku tauni sanatumize ngakhale njere. Chiyambireni malole awo, katundu wa pamaliro akafika, lole imanyamuka tsiku lomwelo ngakhale ili ndi thumba limodzi. Sanena kanthu. Amangoponyera dalaivala makiyi. Lamulo lachitatu limeneli sindinalilembe, chifukwa sanalikuwepo.

"Faraji," ndinayamba, "zimenezo mwina..."

"Mwina chiyani, achemwali?" Salome anatembenuka ndi thupi lonse. "Tiphunzitseni. Ife timangodziwa za ku yunivesite."

Onse awiri anandiyang'ana.

"Palibe," ndinatero.

Panjira ndinadziuza kuti ndimulembera meseji. Ndinalemba, n'kufufuta, poopa lumbiro la azakhali. Lamulungu ndinalembanso: "Za malamulo awiri zija usazitchule." Anayankha ndi tinkhope toseka: "Wamanyazi wanga! Pamenepo mpamene pali mchere."

* * *

Lolemba m'bwalo la malole munadzaza. Osenza katundu anasiya matumba, madalaivala anatsika m'magalimoto. Ababa anakhala pampando wawo wachitsulo, chisoti chawo choyera chili pamphumi, manja atapinda pamimba. Ine ndinali pawindo langa, cholembera chikuterereka m'manja ndi thukuta.

Faraji anawapatsa ababa moni mowerama, n'kuika kompyuta pakatoni. Salome anaima pambali pake ndi faelo.

"Bambo, tchulani katundu aliyense amene mukufuna. Muisokoneze mmene mungathere."

Ababa anatsokomola. "Matilesi asanu ndi nsomba zouma."

Mawu ofiira: Nsomba zouma sizikwera ndi matilesi.

"Eee!" anakuwa wosenza wina. "Yayankha ngati abwana!"

"Magalasi a mawindo ndi simenti," anatero ababa, atasendera kutsogolo.

Mawu obiriwira: Zitheka, koma magalasi akhale pamwamba, choimirira.

Bwalo lonse linaphulika. Dalaivala wina anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba. "Abwana, pumani tsopano! Pakhosi panu papeza wolowa m'malo!" Ndinaona ndevu za ababa zikugwedezeka. Ankabisa kumwetulira. Mtima wanga unkavina, ndipo m'maganizo ndinali nditayamba kale kusankha nsalu ya Lachisanu.

Faraji anandiponyera diso lachimwemwe. Ndinapukusa mutu mwamphamvu. Iye anaganiza kuti ndi manyazi anga a masiku onse.

"Tsopano, bambo, chachikulu ndi ichi," anatero mokweza kuti onse amve. "Makinawa apeza kuti malamulo anu awiri akutsutsana. Mumati lole sinyamuka isanadzaze. Mumatinso katundu wa pamaliro sagona m'bwalo. Limodzi mwa awiriwa ndi lolakwika, bambo. Tingofufuta limodzi. Ine ndikuona kuti la malirolo ndi limene limakutayitsani mafuta."

Kunangoti zii. Ngakhale wailesi ya m'lole inamveka ngati yachita manyazi.

Ababa anadzuka pang'onopang'ono.

"Lolakwika," anatero motsitsa. "Tifufute."

"Sindikunyoza ayi, bambo, ndi mmene makina..."

"Iwe unabadwa liti?" Anayandikira kompyuta ija, n'kuwerenga pagalasi, milomo ikuyenda. "Mawu awa ndi anga. Mmene ndimawanenera. Sindinakuuzepo ngakhale limodzi. Wakupatsa ndani?"

Faraji anangoyang'ana pakompyuta. Sanayang'ane kuwindo, ndipo pa chimenecho ndinamuthokoza mumtima. Koma Salome anamwetulira mwaulemu wonse.

"Musadandaule, bambo, sitinabe. Zonse zachokera m'kope la mwana wanu. Wakhala akutipatsa kwa miyezi isanu ndi iwiri."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuwerenga dzina lolakwika pakatoni.

"Ndiye kubwerabwera pawindo kuja kunali kumeneku," anatero, akuyang'ananso Faraji. "Mbewa imalowera pamene pali pofewa. Nyamula makina akowo. M'bwalo muno usadzapondemonso."

* * *

Masiku awiri ababa sanandiyankhule. Tiyi ndikawapatsa ankalandira osandiyang'ana. Kuofesi anati ndisapite. Azakhali ankangoyendayenda m'nyumba akudziguguda.

"Mnyamata wophunzira chonchija, nzeru zonse zinathera m'zala! Kumuuza mpongozi pagulu kuti walakwa! Ndipo mwa malamulo onse, wasankha lomwelo!"

Foni inkangolira. "Shufaa, ndalakwa chiyani?" "Ndimafuna awone kuti ndine wothandiza." "Amalume akuti Lachisanu abwerabe, tsiku analonjeza kale." "Ndiyankhe ngakhale kadontho."

Lachitatu masana, azakhali atapita kumsika, ndinamuimbira.

"Faraji, palibe lamulo lolakwika."

"Koma Mlonda akuti..."

"Mlonda amaona malamulo onse ngati ana obadwa tsiku limodzi. Si choncho ayi. Malamulo ali ndi akulu awo. Pakhomo mwana akanena china, agogo n'kunena china, sitifufuta mwanayo. Amangokhala chete kudikira. La maliro ndi lalikulu. Likayankhula, la kudzaza lole limakhala pansi."



"Bwereza," anatero monong'ona.

"Lamulo lililonse lizinena wamkulu wake. Mlonda akapeza awiri akukangana, asamati wina walakwa. Azifunsa kuti wamkulu ndani."

Ndinamva mpando ukugwa.

"Shufaa! Shufaa! Ukudziwa chimene wanena? Salome wakhala akulira kuti mapepala athu alibe chinthu chakechake chosiyana ndi za ena. Ndi chimenechi! Mawu amodzi okha owonjezera m'chiyankhulo chathu, kalaliki aliyense n'kutha kulemba yekha! Iwe mutu wakowo ndiukwatira kawiri!"

Ndinaseka misozi ikutsika. "Uyambe wakwatira kamodzi."

"Koma n'chifukwa chiyani la maliro lili lalikulu chonchi kwa bambo ako?"

"Zimenezo si zanga kunena."

Sanandikakamize. Anati akukonza pompo, ndipo Lachisanu adzaima kunja kwa mpanda kudikira amalume ake, ngakhale mwambo sumulola kulowa. Tsiku lonselo ndinkayenda ngati pansi pali masipuling'i. Ndinachapa makatani amene sanade. Ndinathira mchere mutiyi wa azakhali.

Lachinayi madzulo dzuwa lisanalowe, kunabwera meseji ya nambala yachilendo. Chinali chithunzi cha pepala la chidindo. Pamwamba panali dzina la Mlonda. M'munsi munali mzere wakuti "eni luso", ndipo panali mayina awiri: Faraji ndi Salome. Onse anasaina. Chakumapeto kunali ndime yatsopano, yofotokoza za malamulo okhala ndi akulu awo.

Pansi pa chithunzi Salome analemba kuti: "Tapereka lero. Zikomo chifukwa cha kope, achemwali, ndi nzeru ya dzulo ija. Mwatithandiza. Musadandaule, pa ukwati wanu ndidzavina, ngati udzakhalepo."

Ndinakhala pamphasa. Ndinakulitsa chithunzicho mpaka zilembo zinasweka. Saini ya Faraji inali yakedi, yokhota ngati mabatani ake. Ndinayamba kumulembera Faraji, koma nthawi ino sindinafufute chifukwa cha manyazi. Ndinafufuta chifukwa zimene ndinkafuna kunena sizinali za pafoni.

* * *

Lachisanu anthu atabwerako ku mzikiti, amalume ake a Faraji, a Sudi, anafika atavala mkanjo woyera bwino. Iwo ndiwo anali ankhoswe. Anakhala pabalaza moyang'anana ndi ababa. Ine ndinali kuseri kwa katani ndi thireyi ya tiyi, azakhali atandigwira chigongono. Pawindo ndinkamuona Faraji kunja kwa geti, akuyenda uku ndi uku padzuwa.

A Sudi anayamba ndi za kutentha, za misewu, za mitengo ya mafuta. Kenako anatulutsa envelopu yokulungidwa m'kampango koyera, n'kuipereka ndi manja awiri.

Ababa sanatambasule dzanja.

"A Sudi, inu ndimakulemekezani. Koma mwana wa mlongo wanuyo sanabwere kudzafuna mwana wanga. Anabwera kudzafuna zam'mutu mwanga, ndipo wazipeza. Kenako wandivula pamaso pa antchito anga. Mwana wangayu ndi wofatsa, sadziwa kukana. Anamupusitsa. Kalatayo bwererani nayo."

"A Kibwana, ana amalakwa..."

"Ndanena."

A Sudi anayamba kubweza kampango kaja m'thumba. Ndinaona nsonga yake yoyera ikulowa, ikulowa. Makapu anayamba kulira pathireyi.

"Ugwetsa," ananong'ona azakhali.

Ndinawapatsa thireyi ija. Ndinakankha katani.

"Ababa."

Onse anatembenuka. Mwana wamkazi satuluka pa nthawi ngati imeneyi. Koma ine ndinagwada pamphasa.

"Palibe anandipusitsa. Kope ndinalemba ndekha zaka zitatu, Faraji ndisanamudziwe. Ndinkalemba chifukwa mukakuwa ndimamva, ndipo sindinkafuna kuti mawu anu azithera m'mphepo. Ndinamupatsa ndekha."

"Shufaa, lowa m'nyumba."

"Ndilowa, ababa, koma ndithe kaye. Faraji analakwa Lolemba, koma kulakwako ndinamupatsa ndine. Ndinamupatsa malamulo awiri, lachitatu n'kumubisira. Lija simulinena. Lija mumangoponya makiyi." Ndinadzutsa mutu. "Ndikudziwa chifukwa chake lole imanyamuka ndi thumba limodzi. Sindinauze munthu, ndipo sindidzauza. Koma Loweruka ndikanatha kumuletsa, ndinaopa kuyankhula. Lero ndatopa nako kuopa."

Ababa anayang'ana kukatani kumene kunali azakhali. Makapu analiranso kumeneko. Kenako anavula chisoti, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli cholembedwa.

"Muitaneni," anatero mosayang'ana munthu.

A Sudi anasuzumira pawindo n'kukodola. Faraji analowa akupuma mothamanga, nsapato imodzi n'kuivulira pakhomo, inayo pabalaza. Anagwada.

"Bambo, ndinayankhula ngati chitsiru. Ndakonza. Tsopano Mlonda akaona katundu wa pamaliro amangoti: Nyamukani lero. Safunsanso ngati lole yadzaza. Nzeru yake si yanga, ndi ya Shufaa."

Ababa anatambasulira dzanja kwa a Sudi. A Sudi anatulutsa kampango kaja msangamsanga ngati kakuwotcha m'thumba. Kuseri kwa katani azakhali anayamba kukoka mpweya wa nthungululu.

"Musaitsegule, ababa," ndinatero.

Nthungululu inafera pakhosi.

Ndinatulutsa foni, n'kuiika pamphasa patsogolo pa Faraji. Anayang'ana chithunzi chija, nkhope yake n'kugwa.

"Salome wapereka? Shufaa, tsamba ili ndinasaina kalekale, mwezi wa Malichi. Salome anati dzina lako tidzaliwonjezera pambuyo, akuti pamafunika..."

"Pamafunika yunivesite?"

Ndinaloza ndime yatsopano ija pafoni.

"Nanga za Lachitatu zija anazimva kwa ndani?"

"Ndinamuuza ine," anatero motsitsa. "Ndinali ndi chimwemwe. Sindinaganize."

"Suganiza ukakondwa, ndikudziwa. N'chimodzi mwa zimene ndimakukondera." Ndinamva a Sudi akutsokomola ndi ababa akusuntha pampando, koma mawu anali atatseguka ngati mpopi wothyoka. "Inde, ababa, ndanena pamaso panu. Ndimamufuna munthu uyu, ndipo sindikufuna wina. Kalatayo ilandireni, muiike m'kabati pamwamba pa mbale za alendo. Koma isatsegulidwe mpaka dzina langa litalembedwa papepala ilo. Sindingalowe m'nyumba ya munthu amene amanditamanda pakamwa, papepala n'kundiiwala."

"Shufaa, Salome sangalole. Mapepala onse ali m'manja mwake. Ndikamukakamiza akhoza kuchoka nazo zonse, Mlonda n'kufera pomwepo."

Ndinatola foni yanga.

"Ndiye nawenso uli ndi malamulo awiri amene akukangana, Faraji. Ine sindikufufutira lililonse. Pita ukaganize, ukabwere udzandiuze kuti wamkulu ndani."